Zimene Dorothy Anasiya m'Firiji ya Che Bakili

"Mulibe kanthu umu," anatero a Kalinde, atakweza kabotolo kuloza kudzuwa, diso limodzi atatsinzina. Anakagwedeza pafupi ndi khutu, n'kukayang'ananso. "Ndikuti mulibe kanthu. Iwe Chrissy, maso ako akadali atsopano, taona."

Chrissy anakalandira ndi manja awiri. Kanali kochepa kuposa chala chake chaching'ono, ndipo kanali kozizira. Pansi penipeni panali kadontho koyera, kouma, koti ukaphethira umakasowa. Kaya unali ufa, kaya linali fumbi chabe.

"Muli kenakake, amalume. Kungoti n'kochepa."

"Kochepa bwanji? Nyerere ingakhute?"

Palibe anaseka. Anali pakhonde la nyumba ya a Falesi, amayi ake a Chrissy, kumudzi kwawo kufupi ndi Ndunde, m'boma la Chiradzulu, ndipo panali patangopita masiku ochepa chiikire m'manda Dorothy, mkulu wake wa Chrissy. Okhuza maliro anali atabalalika, miphika yobwereka itabwerera kwa eni ake, pabwalo patasesedwa. A Kalinde, mlongo wawo wa a Falesi, ndiwo anali mwini mbumba, ndipo m'mawa umenewo anabwera kudzakonza zogawa zovala za malemu. Koma asanamasule ndi chikwama chimodzi chomwe, panatulukira Che Bakili, mwini golosale ya pa Ndunde, akukankha njinga. Kumbuyo anamangirira kabokosi koyera kopepuka, kofanana ndi kamene azaumoyo amanyamuliramo katemera. M'katimo munali timabotolo tingapo, tonse tooneka topanda kanthu.

"Tabwerezaninso, Che Bakili," anatero a Kalinde. "Mwina ndi ine sindinamve bwino."

Che Bakili anapukuta thukuta ndi chipewa chawo. "Lachisanu lija Dorothy atatsika minibasi anafikira kwa ine. Akuti, 'Che Bakili, kwathu kulibe magetsi, mundisungire aka m'firiji, kasatenthe ayi. Ndidzatenga Lamlungu pobwerera ku Blantyre.' Ine n'kuika pansi pa zakumwa. Nde anakwera njinga yamoto ija."

Anasiyira pomwepo, pakuti zotsalazo aliyense ankazidziwa. Njinga yamotoyo inakumana ndi lole ya mchenga pokhota, ndipo Dorothy sanafike pakhomo pa amayi ake. Foni yake inaphwanyikira pomwepo.

"Nanga masiku onsewa osanena?"

"Pamaliro munthu ungayambe nkhani ya firiji? Ndimadikira misozi iphwe kaye."

A Falesi anali chikhalire pamkeka, miyendo atawongola, popeza mabondo awo anasiya kalekale kupindika. Nyamakazi inawagwira zaka zambiri zapitazo. Mabondo anali otupa ngati maungu, zala zitakhota moti ngakhale kumanga mpango ankachita kumangiridwa.

"Bweretsani kuno," anatero.

Chrissy anaika kabokosiko pamiyendo pawo. Iwo anasisita chivundikiro ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndi mankhwala anga awa. Mwana wanga amandibweretsera mankhwala."

Chrissy anayang'ana pansi. Iye yekha ndi amene ankadziwa kumene mawu amenewa akuchokera.

Dorothy ankagwira ntchito mu labotale ya kafukufuku ku Blantyre, ntchito imene pamudzipo palibe ankaimvetsa. Dokotala sanali, pakuti sankalembera munthu mankhwala. Namwino sanali, pakuti sankavala zoyera pobwera kumudzi. Ukamufunsa ankangoti, "Ndimafufuza chimene chimatupitsa thupi," ndipo anthu ankavomera ndi mutu mwaulemu n'kusintha nkhani. Amayi ake okha ndi amene anagwira mawu akuti kutupawo n'kuwasunga mumtima. Anadikira chaka, anadikira china, koma Dorothy ankangobwera ndi shuga, sopo ndi mafunso: kodi amatupa kwambiri m'mawa kapena madzulo, kodi kukazizira amatani.

M'mawa wa Lachisanu lija ululu unafika poipa. A Falesi anauza Chrissy kuti aimbe foni, ndipo Chrissy ndi amene anawagwirira kukhutu. Anamva zonse.

"Zaka zonsezi ukufufuza kutupa, amako akukwawa popita kuchimbudzi. Ana a anzanga osaphunzira amabweretsako ngakhale panado. Iweyo ngati ulibe mankhwala usavutike n'kubwera kuno. Chrissy, zimitsa."

Chrissy anazimitsa Dorothy asanayankhe. Mawu otsiriza pakati pa mayi ndi mwana anali amenewo. Ndiye kabokosi aka kanali yankho limene a Falesi sanalimve pafoni. Kakakhala ka mankhwala, ndiye kuti mwana wawo anawamva ndipo sanafe ali chikwiyire. Kakapanda kukhala ka mankhwala, Chrissy sankafuna n'kuganiza komwe.

Vuto linali loti Chrissy anafika Folomu 4, ndipo Chingerezi cha pakabotolo, ngakhale chinali cha tizilembo ting'onoting'ono, chinkawerengeka. Mawu ambiri sanawamve, anali zilembo zosakanikirana ndi manambala. Koma mzere wina unali womveka bwino: zinthuzo zinali za kafukufuku basi, zosagwiritsa ntchito pa munthu. Anatembenuza kabotoloko kuti zilembozo ziyang'ane m'chikhatho mwake.

"Achemwali," anatero a Kalinde, "mwambo mukuudziwa. Mankhwala a munthu wakufa sakhala m'nyumba. Akanadziwika msanga akanapita naye limodzi. Pano njira yatsala ndi kuchimbudzi."

"Akanakhala ake. Awa ndi anga."

"Mwadziwa bwanji? Alembapo dzina lanu?"

"Nanga pakhomo pano wotupa ndi ndani? Ndinu?"

A Kalinde anatsitsa mawu. "Nanga ngati mwanayu amadwala osatiuza? Nanga ngati ndi zina? Timabotolo topanda kanthu, tosungidwa pozizira, mwini wake n'kufa tsiku lomwelo. Anthu akamva atiyankhula, achemwali."

A Kalinde sanali munthu woipa. Kungoti chinthu chilichonse cha malemu ankadziwa kumene chimapita: zitenje kwa azakhali, nsapato kwa amene zamukwana, mbale kwa mng'ono wake. Koma chinthu chosavalika, chosadyeka, chimene chimafuna firiji, chinawasowetsa mtengo wogwira, ndipo munthu wamkulu akasowa chochita amathawira kuukali.

"Paja amati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri," anatero Che Bakili. "Ife tilipo anayi koma mitu yaima. Chimene ndikudziwa ine n'choti anati kasatenthe, ndipo dzuwali likukwera. Bwanji kabwerere m'firiji mpaka mufunse akuntchito kwake?"

Zimenezo zinamveka. A Falesi anavomera pokhapokha Chrissy atakaperekeza yekha n'kuona ndi maso ake kuti kalowadi m'firiji. A Kalinde anavomera chifukwa kabokosiko kankachoka pakhomo.

Pakati pa anthu akuntchito amene anabwera pamaliro panali mayi wina wovala mpango wophimba mutu ndi khosi, dzina lake Hidaya, amene analira kwambiri kuposa achibale ena. Pochoka anamusiyira Chrissy nambala yake. Ali pagolosale pomwepo Chrissy anajambula kabotolo kamodzi n'kutumiza. Foni inalira asanaibweze n'komwe m'thumba.

"Mabotolo aja ali kwanuko?" anafunsa Hidaya. "Ife timayesa kuti anaphwanyika pangozi paja. Pamaliro sitikanafunsa. Tamverani, Chrissy. Musatsegule. Wina asamwe, wina asabayitse. Muwasunge pozizira, ine ndibwera Loweruka."

"Koma ndi chiyani kwenikweni?"

Hidaya anatchula dzina lalitali limene linalowera khutu ili n'kutulukira linali, kenaka anati ndi mapuloteni, ndipo asanapitirize foni inaduka. Chrissy anayesa kuimbanso koma sinalowe.

Kunyumba anapeza a Kalinde akumudikira pansi pa mtengo wa mango.

"Akuti chiyani?"

"Akuti ndi mapuloteni."

"Mapuloteni si aja amanena azaumoyo kuti ali mu nyemba ndi mazira?"

"Omwewo."

A Kalinde anamuyang'ana nthawi yaitali. "Nde mwana ameneyu anachoka ku Blantyre kubweretsa nyemba ku Ndunde?"

Kwa amayi ake Chrissy anangonena kuti mnzake wa Dorothy abwera Loweruka kudzafotokoza.

"Kudzandibaya," anatero a Falesi, momukonza.

Tsiku lotsatira magetsi anazima pa Ndunde, ndipo sanayakenso. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Chakumasana Che Bakili anatulukiranso ndi njinga yawo, nkhope ili yodandaula.

"Firiji yayamba kudontha," anatero. "Akazi anga aganiza nzeru iyi."

Anatsegula chidebe chimene anamangirira panjingapo. Kabokosi kaja kanali pakati, katazunguliridwa ndi mafilizesi, zakumwa zoumitsa za m'timapepala tapulasitiki zimene ana asukulu amayamwa. Anali ofiira, achikasu, obiriwira, ouma gwa ngati miyala. Inali bizinesi yonse ya akazi awo ya sabata imeneyo, ndipo Che Bakili sanatchule n'komwe za kulipira.

A Falesi analamula kuti chidebecho chilowe kuchipinda kwawo, pakona pamene pamakhala mtsuko wa madzi, n'kuchifunditsa thumba lonyowa. A Kalinde atamva anabwera akupuma mofulumira.

"Ndinanena kuti zimenezi zisalowe m'nyumba."

"Nyumba yake ya ndani?"

"Ndine mwini mbumba, achemwali."

"Mbumba ndi yanu, mabondo ndi anga."

A Kalinde anatuluka, n'kukakhala pansi pa mango paja. Zogawa zovala anaziimitsa. Anati sangagawe katundu wa malemu pamene chinthu chimodzi sichikudziwika kuti n'chiyani, pakuti ukagawa theka mzimu umadabwa. Mwambo umenewu palibe anali ataumvapo, ndipo mwina anaupeka tsiku lomwelo, koma palibe anawatsutsa.

Nkhani ya m'mudzi siyenda pansi. Pofika madzulo amayi anayamba kubwera awiriawiri, ati kudzazonda a Falesi, maso ali kuchitseko cha kuchipinda. Wina anamva kuti ndi mankhwala a Azungu oti kadontho kamodzi wolumala amadzuka. Wina anamva kuti ndi magazi oumitsa. Akazi awo a Kalinde, amene msana unkawavuta, ananena mosabisa kuti ngati alidi mankhwala ndiye kuti ali m'gulu la katundu wogawa, ndipo timabotoloto tiwerengedwe pamaso pa anthu. Chrissy ankawalandira onse, kuwapatsa mkeka, kuwaperekeza, mutu ukumuzungulira. Iye mwini sankadziwa chimene akulondera. Ankangodziwa kuti mafilizesi ayamba kufewa.

Lachisanu masana Chrissy akuchokera kumjigo anapeza pakhonde palibe munthu. Analowa kuchipinda. Amayi ake anali atakwawa okha mpaka pakona paja. Thumba linali pambali, chidebe chotsegula, kapu ya madzi ofunda ili pafupi. M'manja mwawo munali kabotolo kamodzi, ndipo ankalimbana ndi chitsekerero, koma zala zokhotazo zinkangoterereka. Thukuta linali kamukamu pamphumi pawo.

"Wabwera bwino. Nditsegulire."

"Amayi, aja anati tidikire."

"Ndadikira zaka zingati? Tsegula, tithire m'madzimu. Kamodzi kokha. Ndikufuna ndingolawa chimene mwana wanga anandinyamulira."

Chrissy anagwada. Mtima unamuwawa kwambiri, ndipo anachita mantha, pakuti mawu oona anali pamlomo penipeni. Akanangonena kuti pakabotolopo alemba zoti si za munthu, nkhani ikanathera pomwepo. Koma anaona mmene amayi ake anakagwirira, ndipo analephera.

"Si akumwa, amayi. Mukathira m'madzi muwononga. Achemwali anavutika nawo ulendo wonse uja, ndiye tiwataye ife m'kapu?"

A Falesi anamuyang'anitsitsa. Kenaka anatambasula dzanja pang'onopang'ono, ndipo Chrissy anatenga kabotoloko n'kukabwezera pakati pa mafilizesi ofewa aja.

"Ukundibisira kanthu iwe," anatero.

"Ayi, amayi."

"Dorothy amandiuza zoona ngakhale zowawa. Iwe unatengera bambo ako."

Loweruka m'mawa Hidaya anasiya galimoto pagolosale ya Che Bakili. Anyamata a njinga zamoto anamuzungulira, koma iye anakana, n'kunena kuti ayenda wapansi. Chrissy anakamuchingamira, n'kumulandira chikwama chozizira chimene anabwera nacho. Anayenda m'njira yodutsa m'minda youma, momwe anthu anali atayamba kale kukonza mizere kudikira mvula.

"Ndili ndi pempho," anatero Chrissy atayandikira mudzi. "Amayi akuyesa kuti ndi mankhwala awo a nyamakazi. Muwauze kuti ndi mankhwaladi, koma aonongeka ndi kutentha. Basi. Inu mutenge, iwo atsale ndi mtendere."

Hidaya anaima. "Mukufuna ndiwanamize?"

"Ndikufuna musawaphe."

"Dorothy akanatani?"

"Akananena zoona. N'chifukwa chake ankangokhalira kukangana."

Hidaya anangoyambanso kuyenda.

Pakhonde anapeza a Falesi atasamba, atavala chitenje chatsopano ngati tsiku la Mgonero. A Kalinde anali pampando, manja atapinda. Hidaya anavula nsapato, anagwada, anapepesa za maliro, ndipo Chrissy anatulutsa chidebe chija. Hidaya atachotsa thumba n'kuona timapepala tofiira ndi tachikasu tikuyandama mozungulira kabokosi, anagwira pakamwa. Chinamutuluka chinali pakati pa kuseka ndi kulira.

"Aonongeka?" anafunsa Chrissy, akumuyang'ana m'maso kuti akumbukire za m'njira zija.

"Ayi," anatero Hidaya, akupukuta m'maso. "Akakhala ufa chonchi amapirira ndithu. Mwawasunga bwino."

Chrissy anamva ngati pansi pagumuka.

"Mayi," anayamba a Kalinde, "ife pakhomo pano tulo tasowa. Tiuzeni m'Chinyanja chomveka. Zimenezi n'chiyani?"

Hidaya anakhala bwino pamkeka. "Ndiyesa, bambo. Munthu ukadzicheka, kapena tizilombo tikalowa m'thupi, thupi limatuma amithenga kuti chitetezo chithamangire pamalopo. Zili ngati anyamata amene mumawatuma kukanena maliro: akafika, anthu amasonkhana. Kusonkhanako ndiko kutupa, kutentha ndi kupweteka kuja. Ndi zabwino, chifukwa bala limapola. Koma mwa anthu ena amithengawa sasiya kuthamanga ngakhale vuto litatha kalekale. Nyamakazi ngati ya amayiwa imayamba choncho. M'timabotolomu muli amithenga amenewo. Timawatcha masaitokaini."

"Anawachotsa mwa ndani?" anafunsa a Kalinde mwamsanga.

"Mwa munthu aliyense ayi. Amapangidwa m'fakitale kunja. Amatenga tizilombo ta mabakiteriya n'kutisintha kuti tizipanga mapuloteni ofanana ndi a m'thupi mwathu, kenaka n'kuumitsa. Ife timasungunula, n'kudonthezera pa maselo, tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, amene timaweta m'timbale, kuti achite ngati mmene amachitira m'bondo lotupa. Tikatero m'pamene timayesa chimene chingawaletse."

A Kalinde anakanda mutu. "Dikirani kaye. Mukuti si mankhwala a kutupa."

"Si mankhwala."

"Ndi kutupa kwenikweniko."

"Tingatero, bambo."

"Nde mwana wathu ananyamula matenda a amake m'botolo, ife n'kumawaziziritsa ndi mafilizesi kuti asafe?"

A Kalinde anangoyang'ana chidebe chija, n'kuyang'ana mlongo wawo, ukali wonse utawathera.

A Falesi ndi amene anayankhula, motsitsa. "Mwana wanga, ndiyang'aneni ine. Sanali anga?"

Chrissy anatsinzina.

"Sanali anu, amayi," anatero Hidaya. "Ndi a kuntchito."

"Nanga mankhwalawo anawapeza?"

"Sanawapeze. Tikufufuzabe."

Kumunda kwa anansi kunkamveka khasu likugunda nthaka youma. Chrissy anamuda Hidaya nthawi imeneyo, kumuda kwenikweni, ndi mpango wake wosita bwinowo ndi Chinyanja chake chomveka. A Falesi anakankha chidebe ndi kuseri kwa dzanja mpaka chinachoka pamkeka.

"Tengani zinthu zanu," anatero. "Ine ndinamuuza kuti asabwere. Mawu anga otsiriza ndi amenewo. Ndimayesa kuti mwina..." Sanamalize.

Hidaya anayamba kusamutsa timabotolo, kamodzikamodzi, kutiika m'chikwama chake pakati pa madzi oundana. Ankayankhula maso ali pa ntchitoyo.

"Katunduyu tinamudikira miyezi. Lachisanu lija Dorothy anapita ku Limbe kukamutenga, ndipo amayenera kubwera naye molunjika kuntchito. Pa zinthu ngati zimenezi analibe masewera. Wina akasiya chitseko cha firiji chotsegula, amamukalipira mpaka madzulo. Nde tsiku limenelo anandiimbira ali pamalo okwerera minibasi, akuti sabweranso, akupita kumudzi ndi katundu yemwe. Ine ndinati, 'Dorothy, wapenga? Zikadziwika akuchotsa ntchito.'"

A Falesi sanatembenuke, koma ankamvetsera.

"Iye akuti, 'Amayi anga andikalipira m'mawa uno. Iwe suwadziwa. Akamamva kuwawa pang'ono amaseka, amati ndili bwino. Akafika pondithamangitsa ndiye kuti usiku sanagone. Akamati usabwere, akutanthauza kuti fulumira.'"

"Anatero?"

"Anatero, amayi. Amaseka ponena."

Misozi ya a Falesi inatsika yokha, ndipo sanaipukute. Chrissy sankadziwa ngati zimene Hidaya wanenazi zapoza bala kapena zalikuza, pakuti kufulumira komweko ndi kumene kunamukweza Dorothy pa njinga yamoto ija. Ankaona kuti amayi akenso akuganiza zomwezo. Zonse ziwiri zinali zoona, ndipo panalibe amene akanachotsapo chimodzi.

"Anali wamwano mwana ameneyu," anatero a Falesi pomaliza. "Ndimamuuza zina, iye amamva zina."

"Anatengera ndani?" anafunsa a Kalinde chapansipansi.

Hidaya anatseka chikwama chake. Anazengereza pang'ono, kenaka anasendera pafupi.

"Amayi, ngati simukana, ndingaone nawo mabondowo? Ndamva za iwo zaka zambiri."

A Kalinde anadzuka msangamsanga, ati akaone mbuzi, pakuti mwamuna sayang'ana mabondo a mlongo wake. Hidaya sanawagwire nthawi yomweyo. Anayamba watikita zikhatho zake mwamphamvu, anauziramo mpweya, kenaka anapisa manja onse awiri m'khwapa.

"Mukutani?" anafunsa Chrissy.

"Manja azizira ndi madzi oundanawa. Kuchipatala tikamakaona odwala nyamakazi, Dorothy salola munthu kugwira bondo la wodwala ndi manja ozizira. Ngakhale madokotala akuluakulu amawabweza pakhomo kuti akafunditse kaye." Anaima, atazindikira kuti wayankhula ngati munthuyo alipo, koma sanakonze. "Amati kuli mayi wina ku Chiradzulu amene amadzidzimuka ukamugwira ndi manja ozizira, koma sanena."

A Falesi anayang'ana manja obisika m'khwapa aja kwa kanthawi. Kenaka ndi zala zawo zokhotazo anagwira m'mphepete mwa chitenje, anachikweza pang'onopang'ono mpaka pamwamba pa mabondo, n'kudikira.